Mluzu wa Bambo Anga

Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Mwambi umenewu ndidauloweza ndili ku pulayimale, ndidaulemba pamayeso n'kukhoza, koma tanthauzo lake ndalimvetsa imvi zitayamba kale kuoneka m'mbali mwa makutu. Ndidalimvetsa usiku wina wozizira wa mwezi wa Juni chaka cha 2024, magetsi atazima kwathu ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, ndipo chidandiphunzitsa ndi kafoni ka m'manja.

Ine ndimagwira ntchito m'boma. Kwa zaka zoposa 20 ndakhala ndikusunga mafayilo mu ofesi ina, ndipo ntchito yanga ndi kuonetsetsa kuti kalata yomwe idalembedwa ine ndisanabadwe ipezeke tsiku lomwe akuluakulu aifuna. Anzanga amanditcha nkhokwe, dzina lomwe ndakhala ndikulinyadira. Ndayamba ndatchula zimenezi kuti mumvetse manyazi omwe ali m'nkhani ino, pakuti munthu amene amasamala mapepala a eni ake ndi yemwenso adawononga chuma cha bambo ake omubereka.

Nyimbo ndimakonda, koma ndine wachikale. Mpaka posachedwapa ndinkasungabe makaseti m'katoni ya sopo ngakhale choyimbira chake chidafa kalekale. Mwana wanga wamkazi, yemwe panthawiyo adali Fomu 4, adatopa nazo. "Adadi, makaseti anuwa angokhala nyumba ya mphemvu," adatero tsiku lina, kenaka adanditengera foni n'kundiikiramo Spotify, yomwe idayamba kupezeka kuno ku Malawi chaka cha 2021. Adandifotokozera kuti nyimbo sizikhala m'fonimo koma zimabwera pa intaneti nthawi yomwe ukumverayo, monga madzi a pampopi. Adatinso nyimbo zomwe wasankha zikatha, makinawo amapitiriza kukusankhira zina poona zomwe anthu ena okonda zofanana ndi zako amamvera. Ndidayankha kuti sindifuna makina ondisankhira nyimbo ngati ndine mwana. Koma bandulo ndidagula ndithu.

Usiku ndikunenawo ndidakhala pabalaza ndi kandulo, ndikumvera kalindula wa ku Zambia, nyimbo za PK Chishala ndi gulu la Amayenge, zomwe zimandikumbutsa maulendo a pabasi ndili mnyamata. Zitatha, ulesi udandigwira kuti ndisankhe zina. Apo m'pamene idayamba nyimbo yachilendo. Gitala idayamba modekha, ng'oma ikutsatira pang'onopang'ono ngati mapazi a munthu wochokera kumanda. Mawu a woyimbayo adali osakometsera, ngati munthu akulankhula ndi mnzake pakhonde. Patsogolo pake idalowa gitala ya magetsi, yolira mokhakhala koma mwachisoni.

Ndidadzidzimuka nditazindikira kuti milomo yanga ikuyimba mluzu, ndipo mluzuwo ukutsogolera nyimbo. Ndinkadziwa pomwe ikwere, ndinkadziwa pomwe itsike, chonsecho dzina lake ndidali ndisanalimvepo chibadwire. Thupi lonse lidachita tsembwe. Ndidayang'ana pafoni ndipo padalembedwa kuti "Khala My Friend", oyimba ake Amanaz, chimbale chake Africa, chaka chake 1975.

Mayi a kunyumba adatulukira kuchokera kuchipinda n'kundipeza nditagwira kukamwa. "Bambo, kwagwanji? Mwalandira uthenga wa maliro?" Ndidangopukusa mutu. Ndikadawayankha bwanji kuti bambo anga, omwe tidawaika m'manda chaka cha 2003, angondiyimbira mluzu pabalaza?

Bambo anga adali mlimi wa fodya m'mudzi wina kufupi ndi Kamwendo, m'boma la Mchinji. Adalinso mkulu wa mpingo. Adali munthu wa mawu owerengeka, wometa tsitsi mpaka pakhungu, wovala malaya oyera otsekedwa mpaka pakhosi ngakhale kutenthe bwanji. Madansi a usiku ankadana nawo. Wailesi yathu ya Nzeru inkatsegulidwa nthawi ya nkhani ndi ya mauthenga achisoni, kenaka n'kuvundikiridwa kansalu kuti mabatire asathe. Tinkadziwa kuti adakagwirako ntchito ku migodi ya mkuwa ku Kitwe, monga ankachitira Amalawi ambiri masiku amenewo, koma za kumeneko sankakamba. Ukawafunsa ankangoti, "Kudali ntchito," basi nkhani yathera pomwepo.

Chinthu chimodzi chokha n'chomwe sichinkagwirizana ndi munthu woumayo: mluzu. Akamasankha fodya m'chigafa, kapena akamamata chubu cha njinga, ankayimba mluzu wa nyimbo imodzi yomweyomweyo, motsitsa, ngati sakufuna kuti wina amve. Ine ndinkayesa ndi nyimbo ya kutchalitchi. Ndidakula ndikuidikira Lamulungu lililonse, ndipo nditalowa kwaya ndidafufuza buku lonse la Nyimbo za Mulungu, koma sindidaipeze.

M'chipinda mwawo, kunsi kwa bedi, mudali bokosi lachitsulo lobiriwira. Ana tinkaletsedwa kuligwira. Mukudziwa kuti choletsedwa ndicho chimakoma. Pa 14 Juni 1993, tsiku la riferendamu, akuluakulu onse a m'mudzi adalawirira kukaima pamzere kukasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda. M'mudzi mudatsala ife ana ndi nkhuku. Ndidali ndi zaka 12. Ine ndi anzanga awiri tidakoka bokosi lija n'kuthyola loko ndi mwala.

Tinkayembekezera ndalama kapena mfuti, koma tidapeza galamafoni yakufa ndi mbale zakuda zozungulira, zina zazikulu zina zazing'ono, zili m'zikuto za mapepala zojambulidwa anyamata a tsitsi lalikulu ngati zisa za njuchi. Tidaseka mpaka kugwa pansi. Kenaka mmodzi wa ife adaona kuti mbale zazing'onozo zikhoza kukhala ziwongolero zabwino za galimoto zathu zamawaya. Tidaotcha waya pamoto n'kuziboola. Zazikuluzo tidatuluka nazo pabwalo n'kuyamba kupikisana kuti aponye patali ndani. Zinkauluka mokongola zedi. Yomaliza ndidaponya ndine, ndi mphamvu zanga zonse, ndipo idakamenya thunthu la mango n'kusweka.

Bambo adafika dzuwa litapendeka, chala chili ndi inki. Anzanga aja adabalalika ngati mbalame. Ine ndidaima chilili, ndikudikira mkwapulo womwe ndinkaudziwa bwino. Iwo adayang'ana bwalo lonse, zikuto zitang'ambika, zibenthu zakuda zili mbwee. Adavula chipewa, nagwada pansi pa mango paja, n'kuyamba kutola zibenthuzo chimodzichimodzi kuika m'chipewamo. Atatha adandiyang'ana nati, "Lowa m'nyumba, kunja kuno kukuzizira." Sadandimenye tsiku limenelo ngakhale mawa lake, ndipo nkhaniyo sadaitchulenso mpaka imfa yawo.

Patapita masiku ndidaona kuti chibenthu chimodzi adachisunga m'kathumba ka chikwama chawo cha Baibulo, chomwe ndinkawanyamulira popita kutchalitchi. Chidali ndi kachidutswa ka pepala la pakati pa mbale, ndipo padatsala zilembo zitatu zokha: NAZ. M'nzeru zanga zachibwana ndidati n'chidule cha Nazarete, ndipo ndidatsimikiza kuti ndidaswa nyimbo za Mulungu. Kwa zaka zingapo ndinkapempha chikhululukiro cha tchimo limenelo. Tsono taganizani mmene ndidamvera patapita zaka 31, nditawerenga dzina lija pafoni n'kuona zilembo zake zitatu zomaliza.

Usiku umenewo sindidagone. Ndidamvera chimbale chonsecho kawiri, bandulo n'kutha, ndidagulanso ina. M'masabata otsatira ndidasanduka mwana wasukulu, ndikuwerenga chilichonse chokhudza anyamata amenewa, ndipo ndidapeza mbiri yomwe idachitikira khomo loyandikana nalo koma ine osaidziwa.

Dziko la Zambia litalandira ufulu chaka cha 1964, mkuwa unkagulidwa pamtengo wabwino kunja. M'matauni a kumigodi monga Kitwe, Ndola ndi Chingola mudadzaza achinyamata okhala ndi kandalama m'thumba, ndipo m'masitolo munkapezeka mbale za Jimi Hendrix, Rolling Stones, Black Sabbath ndi James Brown. Anyamata a kumeneko adagula magitala a magetsi n'kuyamba kutsanzira, koma posakhalitsa adasakaniza phokoso la Azungulo ndi kamenyedwe ka ng'oma za kwawo, n'kumayimba m'Chingerezi, m'Chibemba ndi m'Chinyanja. Mayimbidwe amenewa adatchedwa Zamrock. Gulu la Musi-O-Tunya, momwe mudali Rikki Ililonga, limawerengedwa pakati pa oyambitsa. Kudali WITCH ya ku Kitwe, yomwe mtsogoleri wake Emmanuel Chanda adapatsidwa dzina loti Jagari poyerekeza ndi Mick Jagger. Kudalinso Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family. Pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda adalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pawailesi zikhale za m'dzikomo, ndipo mabandi adachuluka ngati bowa wa m'dzinja.

Amanaz idabadwira ku Kitwe chaka cha 1973. Adali anyamata asanu: Keith Kabwe woyimba, Isaac Mpofu ndi John Kanyepa pa magitala, Jerry Mausala pa besi, ndi Watson Lungu pa ng'oma. Adajambula chimbale chimodzi chokha, ku Chingola, ndipo chidatulutsidwa ndi kampani ya Zambia Music Parlour chaka cha 1975. Pasanapite nthawi yaitali gululo lidatha. Poyerekeza ndi anzawo a WITCH, omwe ankadziwika ndi kudumpha ndi kugubuduka pabwalo, nyimbo zambiri za Amanaz ndi zofatsa, zoyenda ngati munthu woganiza.

Koma paja ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Mtengo wa mkuwa udagwa cha mu 1975, mafuta ali atakwera kale mtengo, ndipo ndalama yogulira mbale kapena yolipirira pakhomo la dansi idasowa. Nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe idafika mpaka m'kati mwa Zambia, ndege za Rhodesia zikuponya mabomba chaka cha 1978, ndipo boma lidaletsa kuyenda usiku. Bandi yopanda usiku ili ngati msodzi wopanda nyanja. Kenaka kudabwera disiko, kudabwera kalindula, ndipo pamapeto pake kudabwera Edzi, yomwe idakolola oyimba a m'badwo umenewo ngati chimanga. Kaunda mwiniwakeyo adaulula poyera chaka cha 1987 kuti mwana wake Masuzyo adamwalira ndi matendawa. Paul Ngozi adamwalira mu 1989. Mwa omwe adayambitsa WITCH adatsala Jagari yekha, amene adakathera kokumba miyala yamtengo wapatali kuti apeze chakudya. Matepi ambiri oyambirira adatayika, mbale n'kutsalira m'mabokosi a anthu ngati bambo anga.

Adadzazifukula ndi alendo. Kampani ina ya ku Germany yotchedwa Shadoks idatulutsanso chimbale cha Africa chaka cha 2008, kenaka Now-Again ya ku Los Angeles idachitulutsa mu 2015 mogwirizana ndi Kabwe ndi Mpofu. Kuchokera apo nyimbozo zidalowa pa intaneti, n'kuzungulira dziko lonse, mpaka kudzandipeza ine ku Area 25. Ndidawerenganso kuti mbale yoyambirira ya 1975, ikakhala yosakalika, osonkhanitsa mbale kunja amaigula ndalama zoposa malipiro anga a mwezi. Ndidaseka ndekha pokumbukira mmene idaulukira kupita pamtengo wa mango uja.

Komabe zonsezi zidangondiuza za oyimba, osati za womvera. Chifukwa chiyani mkulu wa mpingo wodana ndi madansi adasunga nyimbo imeneyi m'milomo kwa moyo wake wonse? Yankho silikadapezeka pa intaneti. Loweruka lina m'mwezi wa Ogasiti ndidakwera minibasi ya ku Mchinji, ndidatsika pa Kamwendo, n'kukwera kabaza mpaka kumudzi.

Amayi ndidawapeza pakhonde akuswa mtedza. Titalonjerana, nditapereka shuga ndi sopo, ndidati ndabwera ndi kanthu koti amve. Timawaya ta m'makutu adatikana, ati timalowetsa mphepo m'mutu. Choncho ndidaika foni m'kapu yachitsulo kuti mawu akule, n'kuyatsa nyimbo ija. Manja awo adapitiriza kuswa mtedza kwa kanthawi, kenaka adaima. Adayang'ana kapuyo ngati muli njoka.

"Mwazitenga kuti zimenezi, bambo?" adafunsa motsitsa.

Ndidawafotokozera mmene ndikanathera. Sadamvetse za makinawo ndipo sadafunenso kumvetsa. Adangoti ndibwerezenso. Itatha kachiwiri adayamba kuseka, kuseka kwenikweni mpaka misozi, ndipo kuyambira pamenepo adasiya kunditchula kuti inu, adabwerera ku iwe ngati ndidakali mwana wa kabudula.

"Iwe bambo ako sudawadziwe," adatero. "Udadziwa chitsa chokha, mtengo udagwetsedwa usanabadwe."

Adandiuza kuti bambo adapita ku Kitwe chaka cha 1969 ali mnyamata, ndipo adabwera kudzawakwatira mu 1975 n'kupita nawo. Ankakhala ku Wusakile, komboni ya anthu a mumgodi. Munthu amene adakawapeza kumeneko sadali wa malaya oyera uja ayi. Adali ndi tsitsi lalikulu lopesedwa ndi chipeso chachitsulo, thalauza lotambasuka m'munsi losesa msewu, ndi nsapato zazitali zomwe ankayenda nazo ngati kakowa. Loweruka la malipiro ankawatenga kupita kuholo komwe mabandi ankayimba, ndipo ankavina mpaka malaya kuchita kufinya. "Anthu ankapanga bwalo kuti aonere bambo ako," adatero amayi, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Ndidayesa kumuona m'maganizo munthu ameneyo koma adakana kubwera.

Kenaka kuseka kudatha, ndipo adayamba kukamba za munthu wina yemwe ankangomutchula kuti "alamu anga aja". Sadali m'bale wa magazi. Adali Mubemba yemwe ankagwira ntchito limodzi ndi bambo pansi pa mgodi, ndipo asanakwatire ankagona chipinda chimodzi. Tsiku lina mwala utayamba kuthothoka kudenga la mgodi, ndiye adawakoka bambo pamkono, mwalawo n'kugwera pomwe adaima. Kuyambira tsiku limenelo ankadyera mbale imodzi. Iye adaphunzitsa bambo Chibemba, bambo adamuphunzitsa bawo.

Mkuwa utagwa mtengo ntchito idayamba kuchepa, ndipo chaka cha 1978 bambo adaganiza zobwerera kumudzi. Tsiku lonyamuka, mnzawoyo adawaperekeza kokwerera basi atanyamula mbale ija m'khwapa. Adaipereka kwa bambo nati dzina la nyimbo imodzi m'menemo lili ndi mawu a chilankhulo chanu, mukamaimva muzikumbukira kuti ine ndidakuuzani kuti musapite. Amuna awiri akuluakulu adalira pamaso pa anthu.

Ulendo udadzera ku Lusaka mpaka ku Chipata. Kumeneko bambo adagona tsiku limodzi mwadala. Ku Malawi ya nthawi imeneyo malamulo a kavalidwe adali okhwima: amayi sankaloledwa kuvala thalauza kapena siketi yaifupi, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankatha kumetedwa pachipata cholowera m'dziko. Bambo sadafune kuti wina awagwire m'mutu. Adakhala pansi pa mtengo pamsika, nauza wometa kuti achotse lonse. Thalauza lija amayi adalidula ndi lumo n'kulisoka kuti likhale lowongoka. "Pa Mwami tidadutsa ndi munthu wina," adatero amayi. "Wovina uja adatsala ku Chipata pamodzi ndi tsitsi lake."

Kumudzi galamafoni inkalira motsitsa, chitseko chili chotseka, kufikira singano yake idatha ndipo ina sidapezeke. Makalata ochokera ku Kitwe ankabwera Khirisimasi iliyonse. Chaka cha 1988 idabwera kalata ya dzanja lachilendo. Adalemba ndi mkazi wa mnzawo uja, kunena kuti mwamuna wake adadwala nthawi yaitali, adaonda mpaka kutha, ndipo adamuika kale. Bambo adakhala m'chigafa tsiku lonse osadya. Ndalama yopitira kukaona manda padalibe. Amayi akuti mluzu uja udayamba sabata imeneyo.

Ndidakhala chete nthawi yaitali ndisanafunse funso lomwe lidandibweretsa. "Nanga tsiku lija ndidaswa mbale, bwanji sadandimenye?"

Amayi adatola mtedza umodzi n'kuuyang'anitsitsa. "Wofuna kukumenya ndidali ine. Ndidathyola kale kamtengo. Iwo adandigwira dzanja nati, msiyeni mwanayo, waswa chinthu chomwe sakuchidziwa, ndipo sakuchidziwa chifukwa ine sindidamuuze. Usiku umenewo adatembenukira kukhoma, koma ndidamva bedi likugwedezeka."

Adadzuka pang'onopang'ono, nalowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chikwama cha Baibulo chija, chikopa chake chitasuwa. Chibenthu chidali momwemo. Adachiika m'dzanja langa n'kulipinda ndi manja awo onse awiri. "Tenga. Ine maso atha, ndipo ndikapita adzachitaya posesa."

M'minibasi pobwerera ndidalingalira mawu a bambo aja. Kwa zaka zonsezi ndinkadziona ngati wolakwa ndekha, ndipo kulakwa ndidalakwadi. Koma iwo adaona mbali yomwe ine sindidaione. Mbale ija idayamba kusweka tsiku lomwe adasankha kukhala chete. Sindikuwaweruza. Adakhala m'nthawi yomwe munthu wobwera kuchokera kunja ankayenera kusamala pakamwa, ndipo mwina adaona kuti mkulu wa mpingo sayenera kukhala ndi mbiri ya kuholo. Mwinanso chilonda cha mnzawo chidali chowawa kuchikhudza. Koma zotsatira zake n'zakuti ndidakula ndikuopa munthu yemwe ndikadatha kumukonda mosavuta, ndipo ndidamuika m'manda ndikudziwa theka lake lokha.

Nkhaniyi ili ndi mchira wake. M'mwezi wa Okutobala chaka chomwecho, mwana wanga uja adathamangira pabalaza foni ili m'manja. "Adadi, tamverani, Mmereka uyu waika Chinyanja m'nyimbo yake!" Idali nyimbo yatsopano ya Tyler, the Creator yotchedwa "Noid", ndipo mawu omwe adamudabwitsawo adali a Paul Ngozi, otengedwa m'chimbale cha Ngozi Family cha 1977. Ndidamuuza kuti chaka cha 2023 Travis Scott, yemwe iye amamukonda, adatenganso kachigawo ka nyimbo ya Amanaz n'kuika m'chimbale chake cha Utopia. Ndidamuuzanso kuti chaka chomwecho Jagari, ali ndi zaka zoposa 70, adatulutsa chimbale chatsopano cha WITCH chotchedwa Zango atabwerera pabwalo. Adandiyang'ana ngati akundiona koyamba. "Inuyo zimenezi mwazidziwira kuti?"

Pamenepo ndidazindikira kuti ndaima pamphambano yomwe bambo anga adaimapo. Ndikadatha kuyankha kuti ndidangowerenga, nkhani n'kutha. M'malo mwake ndidakatenga chibenthu chija, ndidamukhazika pansi, n'kumuuza zonse: za agogo ake ovina, za Mubemba wa ku Wusakile, za wometa wa ku Chipata, ndi za mnyamata wopusa wa zaka 12 yemwe adaponya mbale pamtengo wa mango. Adaseka, kenaka adalira, kenaka adafunsa ngati angapite nane kumudzi kukajambula mawu a agogo ake aakazi pafoni. Tidapitadi pa Khirisimasi, ndipo amayi adalankhula maola atatu.

Makina aja ndimawathokoza, ngakhale ndidayamba ndi kuwanyoza. Popanda iwo ndikadafa ndikuyesa kuti NAZ ndi Nazarete. Ndimathokozanso alendo omwe adawoloka nyanja kudzatola zomwe eni ake tidaziona ngati zinyalala, pakuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma kuthokozako kumabwera ndi kamtima kowawa. Ndimadzifunsa za oyimba athu a kuno, a Daniel Kachamba, a Allan Namoko, a Robert Fumulani ndi anzawo ambiri omwe mayina awo sadafike patali: kodi nyimbo zawo zonse zili pabwino? Ndi mabokosi angati omwe ali kunsi kwa mabedi m'midzi yathu, odzaza mbale, makaseti, zithunzi ndi makalata a ku Kitwe, ku Joni ndi ku Harare, akudikira chiswe kapena mwana wofuna chiwongolero? Kodi tidikire mpaka munthu wa ku Los Angeles adzatiuze kuti n'zamtengo wapatali?

Ndipo pali china chomwe makinawo sangathe. Adandibweretsera nyimbo, dzina la gulu ndi chaka, zonse molondola. Koma sakadandiuza chifukwa chomwe mlimi wa fodya wa ku Mchinji ankaiyimbira mluzu m'chigafa. Zimenezo zidali m'mutu mwa mayi mmodzi wokalamba woswa mtedza pakhonde, ndipo ndikadachedwa zaka zochepa chabe ndikadapeza nkhokweyo itagwa. Inu amene makolo anu akadali moyo, musadikire kuti foni ikukumbutseni. Pitani mukawafunse kuti adali yani musanabadwe. Nanunso makolo, musabise unyamata wanu ngati mlandu, chifukwa mwana amaswa chomwe sadauzidwe.

Chibenthu chija ndidachitsegulira fayilo, monga ndimachitira kuntchito. Ndidagula chikuto cholimba, ndidalemba nambala 1 pamwamba, ndipo m'kati ndidaikamo chibenthucho, kalata ya 1988 yomwe amayi adadzaipeza pambuyo pake, ndi mawu awo onse omwe mwana wanga adawalemba pakompyuta. Pa mafayilo onse omwe ndasunga pa moyo wanga, iyi ndi yokhayo yomwe palibe bwana adzaiitanitse.

Masiku apitawa, ndikusita malaya a Lolemba, ndidamva wina akuseka kumbuyo kwanga. Adali mayi a kunyumba. "Bambo, mukudziwa kuti mwayamba kuyimba mluzu?" Sindinkadziwa. Ndidamvetsera, ndipo kuchipinda kwa mwana wanga kunkamveka mluzu wina, wopyapyala, ukulondola nyimbo yomweyo pomwe ine ndidailekezera.